Sikelo Nayo Imayesedwa: Mbiri ya Mayeso a Sukulu za Kwacha

Akuluakulu akale adati, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Mwambiwu umachenjeza munthu kuti asakhutire ndi maonekedwe a chinthu asanaone za m'kati mwake. Ndi mwambi woyenera kuukumbukira pokamba za pepala limene anthu ambiri amalilemekeza, ndilo setifiketi. M'nyumba zina za ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi ku Mgona muli agogo amene adasunga bwino setifiketi ya sukulu ya kwacha pansi pa sutikesi, pamodzi ndi khadi la ubatizo ndi mtchatho wa ukwati. Pepalalo limachitira umboni kuti mwini wake adalemba mayeso ndipo adapambana. Koma kodi mayesowo adayesa chiyani? Adawakonza ndani, ndipo kodi muyeso wake udali woona?

Wogula chimanga wochenjera mumsika wa ku Kawale amayamba wasuzumira kunsi kwa ndowa asanatulutse ndalama, podziwa kuti ndowa zina zimakhomedwa pansi kuti zichepe. Masikelo a m'mabutchala ndi m'masitolo nawo amayenera kupimidwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1972. Choyesera chilichonse chimafuna kuyesedwa. Mayeso a sukulu nawo ndi sikelo, ndipo mbiri yawo m'dziko lino ndi mbiri ya kufunafuna sikelo yoyenera munthu wamkulu.

Muyeso wa makolo

Zolembalemba zisanafike, Achewa adali ndi mayeso awoawo, ngakhale kuti padalibe pepala kapena pensulo. Mnyamata wopita kuchikamwini ankaonedwa ndi apongozi ake pa khasu: mizere yake, kulawira kwake kumunda, nkhokwe imene waluka, ndiponso denga limene wafolera likakumana ndi mvula yoyamba. Mtsikana wotha msinkhu ankalangizidwa ndi anamkungwi, ndipo zimene wamva zinkaoneka pa mtondo, pa moto ndi pa ulemu wake kwa akulu. Wosema mipini sankafunsidwa kuti afotokoze kasemedwe. Ankangopatsidwa mtengo ndi kasemasema.

Mayeso a mtundu umenewu adali ndi ubwino umodzi waukulu: chimene chinkayesedwa ndi chomwecho chimene munthu adzachigwiritse ntchito mawa lake. Koma adalinso ndi chofooka chake. Muyeso unkasiyana mudzi ndi mudzi, banja ndi banja, ndipo mpongozi wankhanza ankatha kulephereza mkamwini wakhama. Mayeso olemba, ofanana kwa onse, adabwera ndi lonjezo lothetsa kukondera kotere.

Mishoni ndi mavoti

Amene adayamba kuyesa akuluakulu pa kuwerenga m'chigawo chapakati adali amishoni. A mpingo wa Dutch Reformed adatsegula mishoni ya Mvera m'chaka cha 1889 ndi ya Nkhoma m'chaka cha 1896, ndipo ansembe a Chikatolika a chipani cha White Fathers adafika ku Likuni, moyandikana ndi Chinsapo wa lero. M'sukulu za m'midzi za masiku amenewo ana ndi anthu a ndevu ankakhala pamodzi, kuloweza zilembo. Makamaka m'mipingo ya Chipulotesitanti, wolowa kalasi ankalimbikitsidwa kuti adziwe kuwerenga yekha Mawu a Mulungu, ndipo Buku Lopatulika litatuluka lathunthu m'Chinyanja m'chaka cha 1922, kuwerenga vesi pamaso pa akulu ampingo kudasanduka muyeso wodziwika wa munthu wophunzira.

Boma la atsamunda nalo lidagwiritsa ntchito sikelo yomweyi pa zandale. Pa chisankho cha mu Ogasiti 1961, si munthu wamkulu aliyense amene adaloledwa kuvota. Kudziwa kuwerenga ndi kulemba kudali chimodzi mwa zoyenereza zimene zinkayang'anidwa, pamodzi ndi chuma ndi udindo. Apa mayeso a kuwerenga adakhala ngati chipata chotsekera anthu kunja. Patapita zaka 32, pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, dziko lidatsata njira ina: wovota ankasankha pakati pa chithunzi cha nyali ndi cha tambala wakuda, kotero kuti wosadziwa chilembo ngakhale chimodzi adatha kunena maganizo ake pa tsogolo la dziko. Zaka ziwirizi zikuphunzitsa kuti kusadziwa kuwerenga si kusadziwa kuganiza, ndipo mayeso amene amasokoneza ziwirizi ndi ndowa yokhomedwa.

Kuchokera ku Mponela kufika ku sukulu za kwacha

Ntchito yoyamba ya boma yophunzitsa akuluakulu mwa dongosolo idayesedwa m'chaka cha 1947 ku Mponela m'boma la Dowa, pamsewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Kasungu, mogwirizana ndi bungwe la UNESCO. Ntchitoyo sidakhalitse, ndipo ina yofanana nayo idayambika ku Domasi m'boma la Zomba. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 boma ndi mipingo adapitiriza ndi maphunziro odziwika ndi dzina lakuti Ukani, amene cholinga chake chachikulu chidali kudziwa zilembo, maphatikizo ndi manambala.

Panthawi imeneyo maganizo a dziko lapansi ankasintha. M'chaka cha 1958 UNESCO idafotokoza kuti wodziwa kuwerenga ndi amene angathe kuwerenga ndi kulemba, momvetsa, chiganizo chachifupi chokhudza moyo wake wa tsiku ndi tsiku. Koma msonkhano wa nduna za maphunziro umene udachitikira ku Tehran m'dziko la Iran mu Seputembala 1965, umenenso udabala tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga la pa 8 Seputembala, udatsindika kuti zilembo pazokha si zokwanira: maphunziro a akuluakulu azilumikizana ndi ntchito, ulimi ndi umoyo. Malawi adayesa njira imeneyi kuyambira m'chaka cha 1981, ndipo m'chaka cha 1986 adakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya National Adult Literacy Programme. Imeneyi ndiyo anthu amaitchula kuti sukulu za kwacha, ndipo buku lake lodziwika ndi Chuma ndi Moyo. Dzina lakuti kwacha lidali loyenera: munthu amene wakhala mumdima wa kusawerenga kwamuchera.

Mudzi udasamukira m'tauni

Maphunziro a sukulu za kwacha adakonzedwa poganizira kwambiri mlimi wa kumudzi, pakuti ndiko kudali Amalawi ochuluka. Koma zaka zomwezo Lilongwe ankakula mofulumira. Bungwe la Capital City Development Corporation lidayamba kumanga mzinda watsopano m'chaka cha 1968, ndipo likulu la dziko lidasamuka kuchoka ku Zomba m'chaka cha 1975. Makomboni akale monga Kawale ndi Biwi adadzaza. Area 25 idakula pafupi ndi mafakitale ndi misika ya fodya ya ku Kanengo, ndipo ofuna maganyu amene sadapeze mapoloti adamanga ku Mgona. Chinsapo ndi Area 23 nawo adalandira anthu ochokera m'maboma onse.

Munthu wosadziwa kuwerenga akakhala kumudzi amakhala ndi mphwake womuwerengera kalata, monga zinkachitikira masiku a Wenela pamene makalata a ku migodi ya ku Joni ankawerengedwa pakhonde. M'tauni zinthu n'zosiyana. Pali chikwangwani cha minibasi, lisiti ya lendi, bilu ya madzi, kapepala ka mankhwala, buku la kusikelo ya ana ndi fomu ya ntchito. Masiku ano pawonjezekera uthenga wa pafoni wa Airtel Money kapena Mpamba, kaundula wa banki m'khonde, ndi chiphaso cha unzika chimene kalembera wake wamkulu adachitika m'chaka cha 1917 kuphatikiza zaka zana, ndiko kuti 2017. Wowerengeredwa zonsezi alibe chinsinsi, ndipo kawirikawiri ndiye amaberedwa. Choncho funso lakuti mayeso akuyesa chiyani si la m'maofesi mokha ayi. Limakhudza thumba ndi ulemu wa munthu.

Mayeso a miyezi khumi

Mwa dongosolo la sukulu za kwacha, ophunzira amakumana masana kwa miyezi khumi, m'kalasi ya pulayimale ana akaweruka, m'tchalitchi kapena pansi pa mtengo. Amene amawaphunzitsa ndi alangizi odzipereka, olandira kangachepe, ndipo amayang'aniridwa ndi alangizi a zachitukuko a boma. Ambiri mwa ophunzirawo ndi amayi. Pakutha pa miyezi khumiyo pamakhala mayeso amene amayang'aniridwa ndi likulu la maphunzirowa, la National Centre for Literacy and Adult Education, ku Lilongwe. Wopambana amayembekezeka kuwerenga ndi kulemba mawu, ziganizo zazifupi ndi ndime yosavuta, komanso kuchita masamu a kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa. Amapatsidwa setifiketi, ndipo mulingo wake umafaniziridwa ndi wa mwana wa Sitandade 4.

Mayeso ameneŵa ali ndi phindu losakanika. Amapatsa wophunzira chandamale, amathandiza mlangizi kudziwa ngati thukuta lake labala zipatso, ndipo amapatsa boma nambala yoti likonzere bajeti. Koposa zonse, kwa mayi amene adakula akutchedwa mbuli, tsiku lolandira setifiketi pamaso pa mfumu ndi ana ake limachotsa chitonzo cha zaka zambiri. Ahmmardouh Mjaya wa ku yunivesite ya Malawi, amene adachita kafukufuku pakati pa ophunzira a sukulu ya kwacha m'mudzi wina wa kuchigawo chakummwera, adaonetsa kuti kwa amayi ambiri chinthu chamtengo wapatali chidali kusayina dzina ndi cholembera m'malo modinda chala. Inki ya pachala imaonedwa ndi aliyense pamzere, ndipo imachititsa manyazi.

Komabe kufanizira munthu wamkulu ndi mwana wa Sitandade 4 kuli ndi vuto. Mayi wogulitsa tomato ku Biwi amadziwa pamtima mtengo umene adapikulira dengu, milu imene ituluke, ya kabaza, ya chiphaso cha msika ndi phindu limene litsale, ndipo chenje amabweza osalakwitsa. Mwana wa Sitandade 4 sangathe zimenezi. Koma mayi yemweyo akapatsidwa samu yolembedwa motsitsa, ya manambala obwereka, amatha kulephera. Pepala lidzanena kuti sadziwa masamu, pamene msika ukudziwa kuti ndi katswiri. Galu wamkota sakandira pachabe: munthu wamkulu amabwera kusukulu ali ndi nzeru kale, chimene akufuna ndi njira yozilembera.

Kufunsa ndi kuyesa

Pali njira ziwiri zimene dziko limadziwira kuchuluka kwa anthu odziwa kuwerenga. Yoyamba ndi kungofunsa. Pa kalembera wa anthu wa m'chaka cha 2018, pafupifupi anthu 69 mwa 100 aliwonse a zaka zisanu kapena kuposerapo adalembedwa kuti amatha kuwerenga ndi kulemba. Koma pa kalembera, wolemba amalandira yankho la amene wamupeza pakhomo, ndipo palibe amene amapatsidwa buku. Bambo wa manyazi akhoza kuvomera pamaso pa ana ake, ndipo agogo odzichepetsa akhoza kukana ngakhale amawerenga nyimbo m'tchalitchi.

Njira yachiwiri ndi kuyesa. Pa kafukufuku wa zaumoyo wa Malawi Demographic and Health Survey wa m'zaka za 2015 ndi 2016, anthu ankapatsidwa kakhadi kolembedwa ziganizo kuti awerenge, kupatula amene adapita patali ndi sukulu. Zotsatira zidaonetsa amayi 72 ndi abambo 83 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49. Manambala a kalembera ndi a kafukufukuyu sangaikidwe pa sikelo imodzi, pakuti misinkhu ya anthu ndi njira zofunsira n'zosiyana. Ndiponso wowerenga gawo chabe la chiganizo pa kakhadiko ankawerengedwa pamodzi ndi odziwa. Kuwerenga theka la chiganizo ndi kumvetsa kalata ya ngongole ndi mitunda iwiri yotalikirana.

Zimene maiko ena adaona

Kuyenda n'kuona. Ku Tanzania, Julius Nyerere adalengeza chaka cha 1970 kukhala chaka cha maphunziro a akuluakulu, ndipo m'chaka cha 1975 dzikolo lidalembetsa mayeso a dziko lonse kwa ophunzira achikulire. Mayeso awo sankangogawa anthu pawiri, opambana ndi olephera, koma ankawaika pa masitepe anayi. Nzeru imeneyi ndi yabwino, chifukwa kuphunzira kuli ngati kukwera phiri: wafika pakati sali pamwamba, koma salinso pansi. Ku Kenya, kafukufuku wa m'chaka cha 2006 adayesa akuluakulu mwachindunji ndipo adapeza kuti pafupifupi 38 mwa 100 aliwonse sadafike pa mulingo wofunikira, nambala yoposa imene kungofunsa kunkaonetsa.

Ku United States, mayeso otchedwa TABE adatuluka koyamba m'chaka cha 1967, ndipo adachokera ku mayeso amene adakonzedwera ana asukulu. Akatswiri adawadzudzula pa chifukwa chomwechi chimene chatchulidwa kale, chakuti ankapima wamkulu ndi ndodo ya mwana, ndipo pambuyo pake adakonzedwanso kangapo. Mayeso ena otchedwa CASAS, amene adayambika ku California m'chaka cha 1980, adatsata njira yofunsa zinthu za m'moyo, monga kuwerenga chikwangwani, fomu kapena malangizo a mankhwala. Ngakhale maiko olemera adatenga zaka kuti azindikire kuti sikelo ya ana siyenera akulu.

Palinso amene adakayikira mayeso olemba onse. Njira ya REFLECT, imene bungwe la ActionAid lidayambitsa m'zaka za m'ma 1990 potsatira maganizo a Paulo Freire wa ku Brazil, ndipo idafika m'Malawi muno, imayamba ndi ophunzira kujambula mapu a dera lawo ndi kukambirana mavuto awo, zilembo n'kumatulukira m'zokambiranazo. Pamenepa chipatso chimaoneka pa mjigo umene wakonzedwa kapena gulu limene layamba geni. Koma zipatso zotere n'zovuta kuziwerengera mofanana dera ndi dera, ndipo wophunzira amafunabe pepala loti akaonetse. Mutu umodzi susenza denga: njira ziwirizi zimafunana.

Mafunso oyesera sikelo

Mbiri yonseyi ikusiya mafunso asanu amene mayeso aliwonse a akuluakulu ayenera kuyankha.

Loyamba: kodi akuyesa chimene munthu akufuna kuchita? Ngati mlonda wa ku Kanengo adalowa sukulu kuti azilemba yekha m'buku la pageti, ndipo mayeso akumufunsa za kapangidwe ka manyowa, akhoza kupambana koma osathandizika. Mayeso a m'tauni ayenera kukhala ndi lisiti, uthenga wa pafoni ndi kapepala ka kuchipatala.

Lachiwiri: kodi muyeso ndi umodzi ponseponse? Setifiketi ya ku Mgona iyenera kulemera chimodzimodzi ndi ya ku Area 23. Ngati woyang'anira wina amanong'oneza mayankho chifukwa cha chisoni, kapena pofuna kuti kalasi yake itchuke, pepalalo lataya mtengo. M'sukulu za ana ntchito yoteteza muyeso ili m'manja mwa bungwe la MANEB, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1987. Mayeso a akuluakulu amafunanso chisamaliro chotero.

Lachitatu: kodi akuyesa kuwerenga kapena chiyankhulo? Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko m'chaka cha 1968, koma m'makomboni a Lilongwe muli Ayao, Atumbuka, Alomwe, Asena ndi Atonga. Wobwera kumene akhoza kulephera funso chifukwa cha liwu limodzi lachilendo. Palinso amene adaphunzira zilembo za Chiarabu ku madrasa, luso limene pepala la Chichewa silingalione. Maso nawo amalowererapo: agogo osowa magalasi, olemba m'chipinda chamdima, amalephera chifukwa cha zilembo zing'onozing'ono.

Lachinayi: kodi setifiketiyo imatsegula khomo liti? Mayeso otsiriza a pulayimale amalembedwa mu Sitandade 8, ndipo olemba ntchito ambiri amafunsa JCE kapena MSCE. Pakati pa Sitandade 4 ndi Sitandade 8 pali mtsinje, ndipo n'kovuta kuti bambo wa zaka 40 akakhale pa desiki limodzi ndi mwana wake. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene abambo ambiri amazembera sukulu za kwacha. Boma lidavomereza ndondomeko ya maphunziro a akuluakulu m'chaka cha 2020, ndipo phindu lake lidzaoneka pa mlatho umene ungamangidwe pa mtsinje umenewu.

Lachisanu: kodi luso likhalitsa? Mayeso amajambula munthu tsiku limodzi lokha. Khasu losagwira ntchito limachita dzimbiri, ndipo wopambana amene alibe nyuzi ngati Boma Lathu, buku la nyimbo kapena laibulale pafupi amatha kuiwala m'zaka zochepa. Muyeso woona ukadatengedwanso patapita chaka chimodzi kapena ziwiri.

Gawo la adzukulu

Funso lachisanuli silili m'manja mwa boma lokha, lili m'nyumba. Mwambo wa Achewa umati mwana salanda mawu m'kamwa mwa wamkulu, ndipo mwambo womwewo ukuyenera kufika pa cholembera. Agogo akamasayina pang'onopang'ono kubanki kapena kuchipatala, mdzukulu waulemu amadikira, salanda bolopeni, ndipo sauza kalaliki kuti angobweretsa inki. Uthenga wa ndalama ukalowa pafoni, amawapatsa agogo kuti ayambe awerenga okha, iye n'kungothandiza pa liwu lovuta. Pa mapemphero a madzulo amawasiyira vesi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo mdzukulu amene agogo ake adalemba mayeso koma osapambana asawayese olephera. Awafunse kuti pepalalo lidafunsa zotani, kenaka awaperekeze kumsika ndi kope ndi pensulo, alembere limodzi malonda a tsiku limenelo.